Mfuti Khumi pa Bulangete Limodzi

Mu shopu ya amisiri a tupa, pafakitale ya boma yopanga mfuti m'tauni muno, munali lamulo limene silinalembedwe paliponse koma aliyense ankalidziwa: chimene dzanja ladziwa, pepala lisadziwe. Mainjiniya a m'chipinda cham'mwamba ankajambula pulani n'kuitsitsa pansi. Mmisiri ankapanga chitsulo motsata pulaniyo. Chikakana kulowa, kapena chikamagwira posayenera, ankachikhudza pang'ono ndi tupa mpaka chimve, kenako n'kukhala chete. Sankauza am'mwamba kuti wapala pati.

Lamuloli silinabwere ndi mphepo. Mu 1931 kunali mmisiri wina, Enoch Dabbs, munthu wofatsa, amene analola kalaliki wa wotchi m'manja kuima pambali pake milungu iwiri akulemba chilichonse chimene ankachita. Atatha kulemba anamuthokoza ndi kumugwira chanza. Pasanathe miyezi itatu ntchito yake inaperekedwa kwa makina ndi anthu awiri a malipiro ochepa, ndipo Enoch anamwalira akugulitsa zingwe za nsapato pamsika. Horace Tranter anali mmodzi mwa amene ananyamula bokosi lake. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso munthu aliyense wovala kolala yoyera.

Pofika 1952, Horace anali atagwira tupa zaka makumi anayi, ndipo zinamutsalira zinayi kuti apume pa ntchito. Sukulu anailekera panjira, kulemba ankalemba movutikira, koma chala chake chachikulu chinkamva kusiyana kumene geji yoyezera zitsulo sinkakuona. Analibe nyumba yakeyake, analibe galimoto. Anali ndi dzina basi. Chitsulo chikakhala ndi kachidindo kake, H ndi T zolumikizana, woyendera ntchito ankangochidutsitsa osachiyang'ana kawiri.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha boma linafuna mfuti yatsopano, ndipo ntchitoyo inagwera injiniya wina, Ludwik Sarnecki, wa ku Poland, amene anathawira kuno nkhondo itayamba ndipo itatha analibe kobwerera. Mfuti yake inali yachilendo. Inali yaifupi, ndipo kabokosi ka zipolopolo kanali kumbuyo kwa dzanja lowombera, pafupi ndi phewa, osati kutsogolo monga mfuti zonse zimene anthu ankazidziwa. Am'shopu anaitcha Bakha, chifukwa kulemera kwake konse kunali kumbuyo. Analamulidwa kupanga makumi awiri zoyeserera, zonse ndi manja.

Sarnecki sanali ngati anzake am'mwamba. Ankatsika masitepe, n'kukhala pa benchi, n'kumadya buledi wake pamodzi ndi amisiri, jekete lake lotha m'zigongono. Horace sanakondwere nazo. Iye ankati wam'mwamba wokalipa ngwabwino, chifukwa umadziwa poima. Wosekerera ndiye amabwera ndi wotchi.

M'kati mwa Bakha munali kachitsulo kotalika ngati chala chaching'ono, kamene kankatseka chipolopolo kuti chisabwerere mmbuyo. Kanali ndi phewa lopindika lokhala m'kamphako kake. Horace atamanga mfuti yoyamba anaona kuti ikatentha, phewalo linkagwira m'kamphakomo. Anayatsa kandulo, n'kudetsa kachitsuloko ndi mwaye, n'kukabwezera, n'kukachotsanso kuti aone pamene mwaye wafufutika. Kenako anatenga mwala wonolera. Mfuti ina anapala paphewa, ina anapala m'kamphako, ina mbali zonse, monga mmene chala chinamuuzira tsiku limenelo. Geji ya woyendera ntchito inkayeza utali ndi ulifupi basi, kupindika kwa phewa sinkakudziwa. Mfuti zonse makumi awiri zinadutsa.

Ndipo zinkawomba! Anazikwirira m'matope, zinawomba. Anazithira mchenga, anazigoneka mu ayezi, zinawomba. Sarnecki ankayenda ngati munthu amene wangobadwitsa mwana, n'kumauza aliyense kuti pulani yake yatuluka yolondola ulendo woyamba womwe. Horace ankangoyang'ana tupa lake.

Mwezi wa Marichi anatenga mfuti khumi kupita nazo kudambo la asilikali kuti zikayesedwe komaliza. Horace anapita nawo ndi bokosi lake la zida. Kunali mphepo yolasa m'mafupa. M'mawa wonse zinthu zinayenda bwino. Atadya nkhomaliro, mkulu wa mayesowo, Meja Carrick, anaitanitsa bulangete.

"Kunkhondo msilikali sasankha," anatero Meja. "Mfuti yake ikathyoka amatola chitsulo pa mfuti ya mnzake amene wagwa. Masulani zonse."

Asilikali anamasula mfuti khumi zija, n'kuthira zitsulo zonse pa bulangete limodzi. Anayi anagwira m'makona n'kuyamba kuligwedeza ngati akupeta. Horace anamva zitsulo zikulira, kachitsulo kalikonse kakuchoka pa kamphako kamene iye anakakwatitsa nako. Asilikaliwo anamanganso mfutizo, aliyense kutola chimene dzanja lagwira.

Zinayi zinawomba bwino. Zisanu ndi imodzi zitangotentha zinaima, osatseguka, osatseka.

"Iyi ndi yabwino kuphera makoswe, bwana," anatero msilikali wina, "bola uigwire kumpope."

Anzake anaseka. Sarnecki sanaseke. Anapempha kuti atenge mfutizo akazipime, koma Meja anakana. Anati zitsekeredwa mpaka komiti yofufuza idzakhale Lachisanu la mlungu wotsatira, ndipo komitiyo ndiyo idzanene chimene chavuta. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Chifukwa chikapanda kupezeka, adzalemba kuti pulani ndi yoipa. Bakha adzafa, ndipo injiniya amene boma lalemba kuti anapanga mfuti yoipa sangalembedwenso ntchito kwina kulikonse. Mnzathu wa ku Poland analibe mudzi wokalima.

Lolemba, nthawi ya tiyi, Horace anakhala pa benchi yake osamwa. Cuddy Platt, mnzake wa zaka makumi atatu amenenso ankaimira amisiri ku bungwe la apantchito, anamugunda ndi chigongono.

"Tiyi wazizira, nkhalamba iwe. Ukuganiza chiyani, ukwati wachiwiri? Woyamba womwe ukukulaka."

"Ndikudziwa chimene chavuta pa Bakha."

"Eee, nkhani yatsopano! Tonse tikudziwa. Ngakhale mphaka wa kusitolo akudziwa. Ndiye?"

"Amuchotsa munthu uja."

"Ndi mlamu wako? Tandiuza, pulani inali yolondola kapena yolakwika?"

"Inali yolakwika. Pang'ono."

"Basitu. Walakwa yekha, agwe yekha. Ife tinangomubisira manyazi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sanatigulire ngakhale mowa."

"Ndikanamuuza akanakonza tsiku lomwelo."

Cuddy anaika kapu yake pansi. Nthabwala zinamuchoka pankhope.

"Tamvera, Horace. Kusintha chitsulo cha boma popanda pepala lachilolezo ndi mlandu. Tonse timachita, tsiku ndi tsiku, ndipo tikanapanda kutero fakitale ino sikanatulutsa ngakhale supuni. Am'mwamba akudziwa, koma sakudziwa ndi pepala. Iwe ukakatsegula pakamwa, mawa lake tidzapeza akalaliki khumi ataima kumbuyo kwathu. Ukakwera masitepe aja, ukatsike ndi anzako ena, chifukwa kuno sudzawapeza."

Madzulo kunyumba, mkazi wake Maud anamvetsera nkhani yonse akusenda mbatatesi, ndipo sanachedwe kuyankha.

"Zaka zinayi, Abambo. Zinayi zokha. Mwapirira makumi anayi, ndiye lero mukufuna kukagwa pakhomo penipeni? Tidzadya chiyani, zikomo wa Mpolishi?"

"Sindinanene kuti ndipita."

"Nkhope yanu yanena. Ndinakwatiwa nayo nkhope imeneyo, ndikuidziwa."

"Munthu uja alibe kolowera, Maud."

"Nanga ife tili nako? Mukuganiza kuti mukanakhala inu pamoto iye akanatsika kudzakupulumutsani? Idyani, chakudya chisakuzizirireni ngati nzeru."

Horace anadya. Anaona kuti mkazi wake akunena zoona, Cuddy akunena zoona, ndipo anagona atatsimikiza kuti akhala chete.

Lachiwiri m'mawa Sarnecki anatsika masitepe ndi pepala m'manja. Maso ake anali ofiira, ndevu zosameta. Anafika pa benchi ya Horace n'kuvula chipewa, chinthu chimene wam'mwamba sanachitepo m'shopumo.

"Bambo Tranter, ndakuchititsani manyazi pamaso pa asilikali. Ntchito yanu inali yabwino. Ine ndine ndalakwitsa penapake. Ndaganiza masiku anayi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi sipuling'i. Ndi yofooka. Ndajambula ina yolimba. Mungandipangire khumi pofika Lachinayi? Tiyesere pa mfuti zimene zatsala kuno."

Horace anatenga pepalalo. "Ndipanga," anatero.

Anadula waya, n'kuyamba kupota. Yoyamba inatuluka bwino. Yachiwiri inatulukanso bwino. Pa yachitatu anasiya kupota. M'zaka makumi anayi anapangapo zitsulo zonyansa, zitsulo zovuta, zitsulo zopita kukapha anthu amene sanamulakwire, koma anali asanapangepo chitsulo chimene ankadziwa kuti n'chopanda ntchito. Sipuling'i yolimba ikanangokankha kachitsulo kaja mwamphamvu kuti kagwire msanga. Munthu wophunzira chonchija, wa mabuku odzaza shelefu, akufufuza kuchipinda pamene moto uli kukhitchini! Sichinali chifundo chimene chinamudzutsa pa benchi. Unali ukali. Anaponya waya uja pansi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyenda pakati pa mabenchi kulunjika kumasitepe. Matupa onse anasiya kulira. Cuddy anaitana dzina lake kamodzi. Iye sanacheuke.

Aka kanali koyamba kulowa m'chipinda cham'mwamba. Munali mowala, mofunda, monunkhira inki. Anaima pa tebulo la Sarnecki.

"Si sipuling'i."

"Mwati bwanji?"

"Ndati si sipuling'i, bwana. Ndi phewa la kachitsulo kotseka. Mmene munalijambulira limagwira likatentha. Ndinalipala. Mfuti zonse makumi awiri."

Sarnecki anaimirira pang'onopang'ono.

"Liti?"

"Kuyambira yoyamba. Seputembala."

"Seputembala! Ndinkakhala pa benchi yanu ndikudya buledi, ndikudzitama kuti pulani yanga ilibe banga, inu mukungondiyang'ana?"

"Ndinkakuyang'anani."

"Chifukwa chiyani, munthu inu? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Inu palibe. Ndi mmene timagwirira ntchito."

Sarnecki analankhula mawu angapo m'chinenero chakwawo, amene sanafune womasulira. Anayenda mpaka pazenera, n'kubwerera. Kenako anakoka pepala loyera ndi pensulo, chifukwa nayenso anali mmisiri mwa mtundu wake.

"Chabwino. Munapala zingati?"

"Mpaka imve."

"Kumva si nambala, Bambo Tranter! Sindingalembe pa pulani kuti palani mpaka imve. Zingati?"

Apa ndi pamene Horace anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo. Chinsinsi chimene anachisunga mwansanje chonchija, iye mwini sankachidziwa ndi mutu. Chinali m'chala. Ngakhale akanafuna kuchigulitsa, sakanatha kuchitchula.

Awiriwo anatenga mfuti khumi zimene zinatsala pafakitale n'kuzimasula, iliyonse pa thireyi yake. M'chipinda choyezera munali makina oponya chithunzithunzi cha chitsulo pagalasi, chitakula kakhumi kakhumi. Masiku awiri anakhala mmenemo, Sarnecki akuyeza phewa lililonse ndi kamphako kalikonse, Horace akuloza ndi chikhadabo pamene mwala unadutsa. Poyamba manambala ankaoneka osokonekera, apa zambiri, apo zochepa. Lachitatu masana Sarnecki anayamba kuphatikiza za paphewa ndi za m'kamphako pa mfuti iliyonse. Anawerengera kawiri. Kenako anavula magalasi.

"Taonani apa. Yoyamba, yachiwiri, mpaka yakhumi. Mukaphatikiza, nambala ndi imodzimodzi. Simunaphonye ngakhale kuonda kwa kapepala kopichirira fodya. Ndi chala chokha!"

"Ndi chimene amandilipirira," anatero Horace.

"Mukanandiuza mu Seputembala, likanakhala dzina lanu pa pulani pambali pa langa."

"Enoch Dabbs nayenso anauzidwa zomwezo."

"Ndani ameneyo?"

"Simukumudziwa. Jambulani."

Pofika Lachinayi pulani yatsopano inali itatha. Kusintha kwake kunali kamzere kamodzi ndi nambala imodzi. Koma komiti sikanakhulupirira mawu a injiniya wodziteteza, choncho panafunika pepala la mmisiri mwini. Kalaliki analemba pa taipi kuti iye, Horace Tranter, anasintha zitsulo makumi awiri za boma popanda chilolezo ndipo sanauze munthu. Horace anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, n'kusaina. Ankadziwa kuti akhoza kulangidwa. Koma ankaganiza kuti Bakha akapulumuka, akulu adzaona kuti chala chake ndicho chinapeza mankhwala, ndipo munthu wopeza mankhwala samuthamangitsa.

Lachisanu anavala suti yake ya kumaliro. Komiti inakhala m'chipinda cha matabwa onyezimira, amuna atatu ndi Meja Carrick. Wapampando anali mkulu wina wa ku unduna, Bambo Whitcombe, wa mawu ofewa ndi manja amene sanagwirepo kanthu kolemera kuposa cholembera. Anamvetsera Sarnecki mpaka kumapeto. Anayang'ana pulani yatsopano, anawerenga pepala la Horace, n'kuliika pakati pa tebulo.

"Ntchito yabwino, nonse awiri," anatero. "Koma ndikuuzeni zoona, ndipo zithere m'chipinda chino. Mfuti iyi boma laisiya. Mayiko amene tili nawo pamgwirizano akufuna kuti tonse tigwiritse chipolopolo cha mtundu umodzi, ndipo si chathuchi. Anagwirizana kale bulangete lija lisanayalidwe."

Sarnecki anakhala pansi.

"Ndiye mayeso aja anali a chiyani?" anafunsa Horace.

"Anali atakonzedwa kale, Bambo Tranter. Boma silisiya chinthu chimene chakonzedwa." Whitcombe anamwetulira pang'ono. "Tsono vuto langa ndi ili. Zimene ndakuuzanizi sindingazilembe. Koma mfuti zisanu ndi imodzi zinaima pamaso pa asilikali, ndipo lipoti liyenera kunena chifukwa. Fomu yake ili ndi mizere iwiri: kulakwa kwa pulani, kapena kulakwa kwa mmisiri. Pepala lanuli likakhala m'failo, ndilemba mzere wachiwiri, ndipo dzina lanu likhala pamenepo. Mukalitenga n'kuliika m'thumba, ine sindinalione. Ndilemba mzere woyamba. Mfuti yafa kale, simungaidzutse. Ndamva kuti mwatsala pang'ono kupuma."

Anakankha pepalalo ndi chala chimodzi mpaka linafika kumbali ya Horace.

"Litengeni, Bambo Tranter," anatero Sarnecki ndi mawu otsika, osamuyang'ana. "Pulani inalidi yolakwika. Si bodza."

Silinali bodza, ndipo Horace anadziwa. Anayang'ana pepalalo. Kulakwa kwa mmisiri. Mawu amenewo akanalembedwa pa munthu amene anachititsa mfuti makumi awiri kuwomba m'matope, amene chala chake sichinaphonye. Alembi ake akanakhala anthu osadziwa mbali ya tupa imene imadya. Cuddy akanamulandira ndi chipongwe mlungu umodzi kenako n'kuiwala. Maud akanagona tulo. Dzanja lake linasuntha mpaka linakhudza m'mphepete mwa pepalalo.

Koma anaganizanso. Pulani yatsopano iliyonse imalakwika pang'ono, ndi chifukwa chake amayamba ndi makumi awiri osati zikwi makumi awiri. Amapanga zochepa kuti wapansi aone cholakwika n'kuuza wam'mwamba. Iye anaona, ndipo sananene. Chimene chinaimitsa mfuti pa dambo paja sichinali kamzere ka Sarnecki.

"Ndifunse, bwana. Mukalemba mzere woyamba, munthu wodzatsegula failoyo zaka zikubwerazi adzawerenga kuti Bakha inali mfuti yoipa?"

"Bakha?"

"Mfutiyo."

"Adzatero, inde."

"Sinali yoipa. Ndagwira mfuti zonse zimene dziko lino lapanga chiyambire ndili mnyamata, ndipo iyi inaposa zonse." Anachotsa dzanja lake. "Lisiyeni pomwepo. Ndipo pulani yatsopanoyo muimate kumbuyo kwake, isatayike."

Whitcombe anakweza mapewa, n'kutenga cholembera. Zonse zinatha mphindi makumi awiri zisanakwane.

Panja, m'khonde, Sarnecki anamugwira mkono. 

"Bambo Tranter, sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Musanene kanthu. Sindinachitire inu."

Horace sanachotsedwe ntchito. Boma silikonda phokoso. Anamulanda kachidindo kake ka H ndi T, n'kumutumiza kusitolo yolongedza katundu, kukapaka girisi mfuti za anthu ena ndi kukhomera mabokosi, pa malipiro a munthu wamba. Penshoni yake inatsika nawo. Maud sanamukalipire, anangoyamba kuchapa zovala za anthu apanyumba yoyandikana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa. Akalaliki anabweradi m'shopu monga ananenera Cuddy, asanu ndi mmodzi, ndi mabuku awo. Amisiri anakumana n'kugwirizana chilango chimene amapereka kwa wophwanya lamulo: palibe womulankhula. Akalowa mu kantini, anthu ankasuntha pa benchi. Akapereka moni, ankayankha ndi khoma. Cuddy, amene anamuimira pa ukwati wake, ankawoloka msewu akamuona.

Sarnecki anapita ku Canada ndi kalata yoyera yomuchitira umboni, ndipo anapeza ntchito yabwino. Anatumiza khadi la Khirisimasi chaka choyamba. Chaka chachiwiri sanatumize. Mfuti zambiri mwa makumi awiri zija anazidula ndi moto, zingapo anazitsekera m'kabati ya galasi kwinakwake. Pulani yokonzedwa ija inamatidwadi m'failo, ndipo palibe anadulapo chitsulo motsata iyo.

Zaka zinayi zinatha. Pafakitalepo, mmisiri akamapuma, anzake onse amamenya nyundo pa mabenchi pamene akutuluka, phokoso lomveka mpaka kumsewu, ndipo silisiya mpaka atadutsa pageti. Horace anali atamenyera anthu oposa makumi atatu. Tsiku lake lomaliza anapachika ovolosi, anasaina buku la kusitolo, n'kudutsa pabwalo. Njira yopita kugeti imadutsa pansi pa mazenera a shopu ya tupa. Anachepetsa liwiro pang'ono. Mazenera anali otsegula.

Nyundo sizinalire. Ankangomva matupa akupita n'kubwera monga tsiku lina lililonse. Pakati pa onsewo khutu lake linatola limodzi, chakumapeto kwa shopu, la munthu amene ankakanikiza pobweza dzanja. Tupa limadya popita. Ukalikanikiza pobwerera umangolibunthitsa. Anaima. Anatembenuka pang'ono, ngati munthu wofuna kukauza mnzake.

Kenako anakonza chipewa chake n'kupita kukadikira basi.